Tchuthi kuchipululu cha Namib: kuli zokaona kapena ndi mchenga wokhawokha?

NaPhiri_waKapa
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ine ndi bambo a kunyumba timagwira ntchito kuno ku Cape Town, ndipo chaka chino tonse atipatsa tchuthi mu July, nthawi imene sukulu zimakhala zotseka. Kumudzi tinapita pa Khirisimasi, ndiye ulendo uno ndikufuna ana akaoneko dziko lina. Mtima wanga uli ku Namibia, kuchipululu kuja. Koma bambo akuti kutaya ndalama kukaona mchenga n'kupanda nzeru, mchenga tinausiya ku Senga Bay. Amene munafikako tandiuzeni zoona. Kumachitika zotani? Malo oti munthu asaphonye ndi ati? Galimoto yathu ndi yaing'ono, si 4x4. Ana ndi awiri, wamkulu ali kusekondale, wamng'ono kupulayimale.

Kamtedza77
Bambowo akunena zoona, mayi. Ndalama imeneyo gulani malata ndi simenti mutumize kumudzi. Mchenga sudyedwa.

Mlonda_waWalvis
Achemwali, ine ndimakhala konkuno ku Walvis Bay, ndimagwira ntchito kudoko. Auzeni alamu kuti kuno mchenga ndi mapiri enieni, ena otalika mamita oposa 300. Chipululu cha Namib chinatambalala m'mbali mwa nyanja ya Atlantic pafupifupi makilomita 2,000, kuyambira ku Angola mpaka kukalowa mu South Africa, ndipo akatswiri amati ndi chimodzi mwa zipululu zakale kwambiri padziko, cha zaka zosachepera 55 miliyoni. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika dera la milu ya mchengayi pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa padziko lonse.

Poti galimoto yanu ndi yaing'ono, ine ndikuti mukafikire ku Swakopmund. Kuchokera kwanuko mpaka kumeneko ndi tala yekhayekha: N7 mpaka paboda ya Noordoewer, B1 mpaka Windhoek ndi Okahandja, kenako B2 kudutsa Karibib ndi Usakos. Windhoek ndi Swakopmund zatalikirana makilomita pafupifupi 360. Mukangopitirira Usakos muyamba kuona mitengo ikufupika, udzu ukutha, mpaka kutsala miyala ndi mchenga, kenako mwadzidzidzi nyanja.

Swakopmund anaiyambitsa ndi Ajeremani mu 1892 ndipo nyumba zawo zakale zilipobe, pamodzi ndi nsanja yofiira ndi yoyera younikira sitima, komanso mlatho wolowa m'nyanja umene anthu amayendapo madzulo. Zimenezi mumaona ulele. Kuchoka apo kubwera kuno ku Walvis Bay ndi makilomita 30 ndi pang'ono, ndipo msewu wake umadutsa pakati: kudzanja ili mafunde, kudzanja ilo milu ya mchenga. Kuno m'mphepete mwa madzi mumakhala ma flamingo, mbalame za miyendo yaitali, zikwizikwi, mumangoimika galimoto n'kumawaonera akupalasa matope ndi miyendo. Kumwera kwa tauniyi kuli maiwe amene amaumitsiramo mchere, madzi ake amaoneka ofiirira. M'mawa kumanyamuka maboti opita ku Pelican Point. Ma seal, nyama za m'nyanja zonga akatumbu, amakwera okha m'botimo kufuna nsomba, avuwo amatera padenga, ndipo mwezi wa July mukhoza kuchita mwayi woona namgumi. Kuseri kwa tauni kuli Dune 7, phiri la mchenga limene ana amalikonda kwabasi. Zonsezi 4x4 sifunika.

NaPhiri_waKapa
Zikomo achimwene, mwandilimbitsa mtima. Nanga poti ndi kuchipululu, ndiye kuti kukatentha? Ana akufunsa ngati akasambire.

Mlonda_waWalvis
Ayi achemwali, tengani majuzi. M'nyanja ino mumadutsa madzi ozizira ochokera kumwera, otchedwa Benguela, ndipo ndi amene amachititsa kuti mvula isagwe. Mpweya wonyowa ukadutsa pamwamba pa madzi ozizirawo umasanduka chifunga m'malo mopanga mitambo ya mvula. M'mawa wambiri timadzuka osaona ngakhale nyumba yoyandikana nayo. Kusambira mu July n'kwa olimba mtima, komanso mafunde ake ndi amphamvu. Ngati ana aumirira, apite pa Mole ku Swakopmund pamene madzi amakhala odekha, inu muli pompo. Nyengo yomweyi nthawi zina kumabwera mphepo yotentha yochokera kum'mawa, yodzaza mchenga. Ikayamba tsekani mawindo, muidikire ithe.

Mayi_aTiyamike
Ndikutsutsaniko pang'ono achimwene a ku Walvis. Zimene mwatchulazo n'zabwino, koma chipululu chenicheni chili ku Sossusvlei. Amayi anzanga, ngati mukufuna bambowo akasinthe maganizo, kawaimikeni kumeneko dzuwa likutuluka.

Ife tinagona m'tenti pa Sesriem, polowera ku Sossusvlei, m'kati mwa mpanda wa malo otetezedwawo. Ubwino wogona m'kati ndi woti geti lam'kati, lopita ku milu ya mchenga, amalitsegula kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lituluke, pamene ogona kunja amadikira mpaka litatuluka. Kuchoka pageti pali tala wa makilomita pafupifupi 60, mbali zonse milu ya mchenga wofiira. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo chimene chili mumchengamo. Pa kilomita ya 45 pali Dune 45, pamene ambiri amakwera. Musaone kufupika pachithunzi. Mumayenda pamsana penipeni pa mulu, phazi likulowa mpaka m'kakolo, mukaponda kawiri mwabwerera kamodzi. M'mawa mchengawo umazizira moti zala zimachita dzanzi, ndiye ife tinavula nsapato n'kukwera ndi masokosi. Dzuwa litatuluka, mbali imodzi ya phiri inayaka psuu, ina ikadali bii, mzere wapakati wowongoka bwinobwino.

Tala akatha patsala makilomita 5 a mchenga wakuya. Galimoto yanu muisiye pamalo oimikapo, mukwere magalimoto amene amanyamula anthu pamenepo. Mukatsika muyende wapansi mtunda wa kilomita imodzi kukafika ku Deadvlei. Ndi chidikha cha dongo loyera, louma gwa, long'ambika tizigawotizigawo, ndipo pakati paima mitengo yakuda yopanda tsamba. Inafa zaka zoposa 600 zapitazo, milu ya mchenga itatsekera mtsinje wa Tsauchab kuti usafikenso. Siinawole chifukwa kulibe chinyezi choiwoletsa. Mwana wanga anagwada n'kumayendetsa chala m'ming'alumo, n'kundifunsa kuti madziwo anapita kuti. Mpaka lero amakamba zimenezo. Mitengoyo saloleza kuigwira kapena kuikwera, muwauziretu ana.

Pambali pake pali Big Daddy, mulu wa mchenga wotalika mamita pafupifupi 325. Wakusekondaleyo akhoza kukwera ndi bambo ake ngati ayamba m'mamawa, ndipo potsika amangothamangira m'chidikhamo. Masana mukabisale ku Sesriem Canyon, chigwembe chakuya mamita 30 chimene chili pafupi ndi geti. M'menemo muli mthunzi.

Dalaivala_waChipata
Ba NaPhiri, ine ndimayendetsa thiraki pakati pa Walvis Bay ndi Copperbelt, misewu ya dziko limenelo ndimaidziwa. Amayiwa akusimbirani kukongola, koma sanakuuzeni za njira yokafikira pa Sesriem. Tala amene akunenayo ali m'kati mwa mpanda. Kunja, kulikonse kumene mungadzere, muyenda mtunda wautali pamsewu wafumbi. Mukadzera ku Mariental, tala amathera pa Maltahöhe. Mukachokera ku Walvis Bay ndi C14, makilomita oposa 300, kudutsa m'zigwembe za Kuiseb, ndipo pomwetsera mafuta ndi pa Solitaire pokha.

Msewu wafumbi wa ku Namibia umanyenga. Ndi wotambalala, wowongoka, mulibe magalimoto, ndiye phazi limalemera lokha. Ukafika pakona kapena pamchenga wofewa, galimoto imayamba kuvina kumbuyo, woyendetsa n'kuponda buleki mwamphamvu, basi yagubuduzika. Alendo ambiri amavulala choncho, popanda kugundana ndi wina aliyense. Musapitirire 80, ndipo ndi galimoto yaing'ono 60 ndiye yabwino. Phungulani mpweya pang'ono m'matayala. Tengani masipeya awiri, jeke yogwira ntchito, ndi kathabwa koikira pansi pa jekeyo. Mukaona pomwetsera mafuta dzazani, ngakhale thanki ili pakati. Nyali muyatse ngakhale masana. Usiku musayende, nyama zimadumphira mumsewu. Netiweki kulibe malo ambiri, ndiye galimoto ikafa musaisiye n'kuyamba wapansi. Khalani pomwepo, wina adutsa.

Ine kunena zoona, ndi ana awiri m'galimoto yaing'ono, ndikanakhala pa tala n'kulipira kampani yonyamula alendo kuti ikandifikitse ku Sossusvlei.

ZombaBoy_Joni
Ankolo mukuwaopseza anthu. Ine ndinafika pa Sesriem ndi kagalimoto kabwinobwino ka mumzinda, anzanga atatu tili momwemo. Pang'onopang'ono basi. Makampani onyamula alendowo mitengo yawo amaikira anthu obwera ndi ma euro. Banja la anthu anayi lingakwanitse?

Dalaivala_waChipata
Mphwanga, munafika, tithokoze Mulungu. Ine ndaimapo panjira kuthandiza amene sanafike. Sindinanene kuti n'zosatheka. Ndati adziwe chimene akulowamo.

Mayi_aTiyamike
Nonse mukunena zoona. Ife tinabwereka galimoto yokwera ku Windhoek n'kusiya yathu. Ngati mutero, werengani bwino pepala la inshuwalansi, chifukwa nthawi zambiri matayala ndi galasi lakutsogolo sizikhalamo pokhapokha mutawonjezera ndalama. Ndipo ndi zomwezo zimene zimawonongeka pamsewu wamiyala.

ZombaBoy_Joni
Chabwino, za msewu zatha. Koma asisi, ana anuwo sakasangalala ndi kuonera mitengo yakufa tsiku lonse. Ku Swakopmund apatseni zothamangitsa magazi. Kuli njinga zamoto za matayala anayi zokwera nazo milu ya mchenga, wotsogolera ali patsogolo inu mukutsata mzere. Kuli kutsetsereka pamchenga: amakupatsa kabolodi kopyapyala kopakidwa polishi, umagona chafufumimba, n'kukweza kutsogolo kwake ndi manja, wina n'kukukankha. Liwiro lake limaposa makilomita 60 pa ola, mchenga uli m'kamwa ndi m'makutu momwe. Chovuta n'chakuti ukafika pansi uyenera kukweranso wapansi. Kuli kukwera ngamila, ndipo kwa amtima wa mkango kuli kudumpha m'ndege ndi parachuti. Okonda mbedza amapita ku Henties Bay kukawedza kabeljou, bola kugula kaye chiphaso.

Mlonda_waWalvis
Za njinga zamotozo ndionjezepo. Pitani ndi makampani ovomerezeka, amene amayenda m'dera limene linaikidwira masewerawo. Gombe lonseli lili m'nkhalango yotetezedwa ya Dorob kuyambira mu 2010. Malo amene amaoneka ngati bwalo lamiyala lopanda kanthu ali ndi ndere zimene zimakula pang'onopang'ono kwambiri, zimamwa chifunga basi. Mutathira timadzi pang'ono pa imodzi, mumaiona ikutambasuka n'kusintha mtundu inu mukuyang'ana. Tayala likapondapo, mkwasa wake umakhala zaka makumimakumi. Palinso kambalame kotchedwa Damara tern kamene kamaikira dzira limodzi pansi penipeni, popanda chisa. December aliyense timaona alendo akuyendetsa paliponse, ndipo ife okhala kuno zimatipweteka. Chonde a kwathu tisakhale m'gulu limenelo.

AphunzitsiOpuma
Mwana wanga NaPhiri, poti mukuchokera ku Cape Town, pali malo amene ali panjira panu koma palibe wawatchula. Mukafika ku Keetmanshoop khoterani kumadzulo pa B4, tala mpaka ku Lüderitz. Mukapitirira Aus, pa Garub, yang'anani mahatchi am'tchire amene akhala m'chipululumo zaka zoposa 100. Kutatsala makilomita pafupifupi 10 kuti mufike ku Lüderitz pali Kolmanskop.

Mu 1908 munthu wakuda wogwira ntchito panjanji, Zacharias Lewala, anatola mwala wonyezimira n'kuupereka kwa kapitawo wake wachijeremani, August Stauch. Unali dayamondi. Posakhalitsa pamchenga pamenepo panamera tauni yokhala ndi chipatala, holo yovinira, fakitale ya ayezi, ndi makina a X-ray amene ankagwiranso ntchito younikira antchito ngati ameza miyala. Madzi akumwa ankabwera pasitima kuchokera ku Cape Town komwe mukukhalako. Atapeza dayamondi wochuluka kumwera, kufupi ndi mtsinje wa Orange, anthu anayamba kusamuka, ndipo pofika m'ma 1950 tauni inatsala yokha. Lero mumalowa m'nyumba zimenezo mukuwerama, chifukwa mchenga wadzaza zipinda mpaka theka la chitseko, utoto wa pakhoma ukuonekabe. Pamafunika chiphaso, ndipo m'mawa pamakhala wofotokoza mbiri. Ana akaone, ndipo muwafunse kuti amene anatola mwala uja chuma chinamufika kapena ayi.

Koma pali china cholemera. Ku Lüderitz komweko kuli Shark Island. Kuyambira mu 1904 asilikali a Germany, motsogozedwa ndi Lothar von Trotha, anapha Aherero ndipo kenako Anama ochuluka zedi, ena powathamangitsira m'chipululu kuti akafe ndi ludzu. Otsala anawatsekera m'misasa, ndipo wa pa Shark Island, kuyambira 1905 mpaka 1907, unali woipitsitsa: mphepo yozizira, njala, ntchito yakalavulagaga. Ku Swakopmund nakonso kunali msasa, ndipo kumapeto kwa manda a tauniyo kuli timilu tamchenga topanda maina, mizeremizere. Dziko la Germany linavomera mu 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu. Sindikuti musakasangalale. Kasangalaleni ndithu. Koma pojambula nyumba zokongola zija, patulani ola limodzi mukaime kumandako ndi ana anu. Ndife Aafirika, sitingadutse pamaliro ngati sitikuona.

Kamtedza77
Aphunzitsi, apa ndiye mwanena zomveka. Koma funso langa lilipobe. Ife a Malawi tinayamba taona Nyika? Tinafika ku Mulanje? Ndalama tikukasiya kwa eni ake pamene kwathu malo ogona alendo akusowa anthu.

Mayi_aTiyamike
Achimwene, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mayiwa anena kale kuti kumudzi anapita pa Khirisimasi. Kuona kwa ena sikuletsa kukonda kwanu.

MwanaWaKaronga
Pepani ndipatukeko pang'ono. Mukamayenda pa B2 paja, musanafike ku Swakopmund muona chikwangwani cha Arandis. Kumeneko kuli mgodi wa uranium wa Rössing, umene unayamba mu 1976. Chakum'mwera kwake kuli Langer Heinrich, umene unatsegulidwa ndi Paladin, kampani yomwe ija inatsegula Kayelekera kwathu ku Karonga mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itagwa. Ine ndikamaona misewu ya ku Namibia ndi mmene matauni awo alili, ndimadzifunsa kuti iwo anagwirizana zotani ndi eni migodi zimene ife sitinagwirizane. Anthu ake ndi ochepa, pafupifupi 3 miliyoni m'dziko lalikulu kuposa lathu kasanu ndi kawiri, zimenezo ndikudziwa. Komabe funso limandivuta.

Mlonda_waWalvis
Musatengeke ndi pakati pa tauni, achimwene. Mukalowe ku Mondesa ndi ku DRC (dera lokhala anthu, osati dziko la Congo), kuseri kwa Swakopmund, mukaone zisakasa zamalata ndi mapepala zili pamchenga, anthu ali pamzere wotunga madzi. Namibia ndi limodzi mwa maiko amene olemera ndi osauka anatalikirana kwambiri. Ndipo migodiyo imamwa madzi ambiri. N'chifukwa chake ku Wlotzkasbaken, kumpoto kwa Swakopmund, anamanga fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Ena timamwa ochokera m'zitsime za pansi pa mitsinje youma ya Kuiseb ndi Omaruru.

MwanaWaKaronga
Ndiye kuti kulira n'kumodzi. Koma bola iwo msewu ulipo.

Woyang'anira_Gulu
Akuluakulu, nkhani ya migodi itsegulireni mutu wakewake, ndi yofunika. Pano tithandize mayiwa za ulendo wawo.

Nesi_waLeeds
Ine ndilankhule za thupi. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma moti thukuta limauma usanalione, ndiye munthu umatha madzi osadziwa. Ana sanena kuti ali ndi ludzu, amangoyamba kudandaula mutu ndi kunyong'onyeka. Muziwamwetsa pafupipafupi, ndipo muziona mtundu wa mkodzo: ukada, madzi achepa. M'galimoto musasowe chigubu chachikulu chapadera chimene simukuchikhudza. Tengani zipewa, magalasi a dzuwa, Vaseline wa milomo ndi m'mphuno, ndi mafuta oteteza kudzuwa. Tisamanamizane kuti khungu lakuda silipsa, limapsa.

Ku Sesriem mu July masana kumafunda bwino koma usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0. Ngati mukagone m'tenti, mabulangete akhale okwanira. M'mawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa cha zinkhanira. Malungo kuchipululu ndi kugombe si nkhawa, nkhawa ili kumpoto, cha ku Kavango ndi Zambezi.

Ndipo usiku umodzi zimitsani matochi ndi mafoni, mukhale panja. Dera la NamibRand, loyandikana ndi Sesriem, linalandira ulemu mu 2012 monga malo amodzi a mdima weniweni oonerako nyenyezi. Ana okulira mumzinda sadziwa kuti kumwamba kuli nyenyezi zochuluka choncho. Yesetsani kuti masiku anu akagwe pamene mwezi uli mumdima.

Mayi_aTiyamike
Ndinaiwala chinthu chimene ndikanati muike patsogolo pa njinga zamoto. Ku Swakopmund kuli anthu amene amatenga alendo m'mawa kukawaonetsa tamoyo ta mumchenga. Poyamba mumaona ngati palibe chilichonse. Wotitsogolera anaimitsa galimoto, n'kutsika, n'kumatsata timizere tina pamchenga, kenako anagwada n'kuyamba kufukula ndi dzanja pang'onopang'ono. Anatulutsa kabuluzi kakang'ono koonekera m'kati, maso akuluakulu, zala zake zolumikizana ndi kachikopa kuti kasamire mumchenga. Patsogolo anatilozera pansi pa kachitsamba. Ife sitinaone kanthu mpaka anatiuza kuti tiyang'anitsitse: timaso tiwiri tokha tili pamwamba pa mchenga, thupi lonse lakwiririka. Inali mphiri yaing'ono imene imayenda cham'mbali. Tinaonanso bilimankhwe wa m'chipululu, wakuda m'mawa kuti akoke kutentha, woyererako dzuwa likakwera. Ndipo pali kachikumbu kamene kamakwera pamwamba pa mulu chifunga chikabwera, n'kuzondoka mutu pansi, madzi n'kumasonkhana pamsana pake mpaka kutsikira kukamwa.

Mukakhala ndi tsiku lina, pitani ku Moon Landscape, dera la zigwembe looneka ngati kumwezi, ndi kukaona welwitschia, chomera cha masamba awiri okha moyo wake wonse, chimene chimatha zaka zoposa 1,000. Chiphaso chake mumagula mu ofesi ya zachilengedwe m'tauni momwemo.

ZombaBoy_Joni
Onjezani Cape Cross, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Swakopmund. Mukapitirira Henties Bay msewu wake ndi wamchere, wosalala, koma umaterera chifunga chikagwa. Ma seal ake ndi zikwi makumimakumi, phokoso ndi fungo lake muzikakumbukira. Nkhandwe zimangozungulira pomwepo. Pamenepo m'pamene Mpwitikizi Diogo Cão anaimika mtanda wamwala mu 1486. Panjira, musanafike ku Henties Bay, muona sitima ya Zeila imene inatitimira pafupi ndi gombe mu 2008, mbalame zinaisandutsa nyumba. Pobwerera ku Windhoek mupatukire ku Spitzkoppe, mapiri amiyala osongoka amene ali ndi zojambula zakale za anthu a mtundu wa Asan. Malo ogona pamenepo amayendetsa ndi anthu a m'mudzi womwewo, ndiye ndalama yanu ikupita kwa eni dera.

Nachisale_Mzuzu
Ine funso langa ndi la kumimba. Nsima ikapezeka? Bambo amene akukana kale ulendo mukawadyetse buledi sabata yonse, mubwerako osalankhulana.

Mlonda_waWalvis
Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse, achemwali, womwewo wa ku South Africa. Pezani malo ogona okhala ndi khitchini, muziphika nokha, ndalama ipulumuka yambiri. Nsomba kuno n'zosasowa. Anzathu Aovambo amadya nsima ya mchewere, amati mahangu, mukailawe ku Mondesa. Podutsa ku Windhoek pitani kumsika wa Single Quarters ku Katutura mukadye kapana, kanyenya wa ng'ombe wootcha pomwepo, wodyera ndi tsabola wa ufa ndi tomato. Pa Solitaire pali keke ya maapozi imene aliyense amaimira. Ndalama musavutike kusintha: randi imagwira ntchito ku Namibia ndipo ndi yofanana mphamvu ndi dola yawo. Kungoti potuluka mumalize madola awowo, chifukwa ku South Africa sawalandira.

WokweraMapiri_BT
Palibe watchula Fish River Canyon, chonsecho ili pafupi ndi boda imene mulowere. Ndi chigwa chotalika makilomita pafupifupi 160, ndipo pena chimazama mamita 550. Kuyenda m'kati mwake ndi ulendo wa masiku 4 kapena 5, kuchokera ku Hobas kukathera pa akasupe otentha a Ai-Ais. Amaloleza nyengo yozizira yokha, kuyambira May mpaka pakati pa September, ndipo amafuna kalata ya dokotala ndi gulu la anthu osachepera atatu. Ndi ana simungathe, komanso kutsikiramo kwa tsiku limodzi n'koletsedwa. Koma kukaima pamwamba n'kuyang'ana pansi, kenako kukaviika miyendo m'madzi otentha ku Ai-Ais, zimenezo mungathe. Fumbi lilipo koma si lalitali ngati la ku Sesriem.

Dalaivala_waChipata
Tsopano mwawapatsa malo ochuluka kuposa masiku awo. Ba NaPhiri, dziko limenelo ndi lalikulu, pamapu pamaoneka pafupi koma ndi tsiku lathunthu pa chiwongolero. Mukafuna zonse, ana akaona mpando wakutsogolo basi. Sankhani: kumwera, kutanthauza Fish River, Aus ndi Lüderitz, kapena pakati, kutanthauza Swakopmund, Walvis Bay ndi Sossusvlei.

NaPhiri_waKapa
Ndawerenga zonse, zikomo kwambiri abale anga. Tagwirizana zapakati. Tipita pa tala mpaka ku Swakopmund, tikapeze nyumba yophika tokha, ndipo za Sossusvlei tifunsa mitengo ya kubwereka galimoto yokwera ndi ya onyamula alendo, tione chotsika. Aphunzitsi, kumanda kuja tikafika. Lüderitz idikire chaka china. Chatsala ndi mapepala a paboda, pamafunika chiyani?

Dalaivala_waChipata
Mapasipoti a nonse akhale ndi miyezi yosachepera 6 asanathe, ndi masamba opanda chidindo. Pasipoti ya Malawi sifuna viza pokacheza. Chachikulu onetsetsani kuti mapemiti anu a ku South Africa ali bwino, kuti pobwerera musakavutike. Ana atengereni zikalata zakubadwa zosonyeza maina a makolo onse awiri. Galimoto ikhale ndi mapepala ake enieni, ndipo ngati ikadali pangongole mutenge kalata ya kubanki yololeza kutuluka nayo, ndi ya inshuwalansi. Kumbuyo mumate chomata cha ZA. Paboda mulipira msonkho wa msewu, lisiti lake musataye, apolisi amalifunsa pamarodibuloko. Malo ogona pa Sesriem sungitsani panopa, July amadzaza msanga.

Chikondi_Area25
Ine ndakhala ndikungowerenga, koma mwandikopa. Nanga wochokera ku Lilongwe, wopanda galimoto, angafike bwanji?

Dalaivala_waChipata
Njira yake ndi imene ndimayenda ine. Basi kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Mchinji ndi Chipata mpaka Lusaka, ina mpaka Livingstone. Kuchoka apo mudzera ku Sesheke, kuwoloka mlatho wa Zambezi kulowa Katima Mulilo, kenako Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo mpaka Windhoek. Mabasi akuluakulu amayenda njira imeneyo koma si tsiku lililonse, ndiye funsani masiku ake musananyamuke ku Lusaka. Ku Windhoek kuli maminibasi ndi ma shuttle opita ku Swakopmund tsiku ndi tsiku. Ndi ulendo wa masiku angapo, ndipo kumpotoko udzudzu ulipo, tengani mankhwala odzola. Mukafika pa Katima gulani simu khadi ya komweko, ndipo juzi ikhale m'chikwama cham'manja, osati m'katundu wapansi, chifukwa basi imafika ku Windhoek m'mamawa kukuzizira.